Feteleza Wothawa M'munda wa Mayi a Mapasa

Chimanga cha mayi a mapasa chinali ndi khalidwe loipa: chinkadya feteleza koma osaonetsa kuti chadya. Pomera chinkasangalatsa, mizere yake ili tayale kuyambira kumtunda mpaka kumunsi. Koma chikangofika m'mawondo, atachithira feteleza wobereketsa uja wa yureya, masamba a m'munsi ankayamba chikasu kuchokera kunsonga, mapesi n'kuonda ngati bango. Pokolola, zisononkho zake zinali zoti ukhoza kuzibisa m'manja. Zinatero chaka chatha, zinateronso chaka chinacho.

Munda umenewu anawasiyira ndi malemu bambo awo, ndipo ankaudziwa ngodya zake zonse. Kumtunda kunali chulu, pakati panali mchenga, kumunsi kunali dothi lakuda lomata m'khasu. N'chifukwa chake mawu amene amuna awo anayankhula pobzala ankawadya mumtima usana uliwonse.

Amuna awowo ankakonza njinga pakashedi ka m'mbali mwa msewu. Anthu anawapatsa dzina loti a Phuma chifukwa chosadziwa kudikira: tiyi ankamwa ataimirira, nsapato ankamangira panjira. Tsiku lobzalalo anaponya khasu pansi n'kunena kuti, "Mayi a mapasa, chaka chino chikatikananso, mundawu tingoubwereketsa kwa mwini chigayo uja amaufunayu. Ine ndipite kutauni ndikasake ntchito. Sitingamangodyetsa dothi ana ali ndi njala."

Tsopano chimanga chinali chitafikanso m'mawondo. Thumba la yureya linali kuchipinda, litatsamira khoma, ndipo mayi a mapasa akalidutsa ankaliyang'ana ngati mlendo amene sakumukhulupirira.

Masana ena a Phuma anafika thukuta lili kamukamu, atanyamula botolo lokulunga m'nyuzipepala.

"Mavuto athu atha!" anatero asanakhazike n'komwe njinga. "Kusitolo ya zaulimi kwabwera mankhwala osakaniza ndi feteleza. Akuti amamugwira fetelezayo kuti asathawe. Bweretsani beseni, tisakanize thumba lonse, mawa tithire."

"Asathawe kupita kuti?" anafunsa mayi a mapasa. "Feteleza ali ndi miyendo?"

Pakhonde la nyumba yoyandikana nayo, makina osokera analeka kulira. Anali alamu awo, mkulu wake wa a Phuma, amene ankasoka zovala ndipo sankalola nkhani kuwadutsa.

"Mng'ono wanga, akudyeranso," anatero atelalawo akudula ulusi ndi mano. "Amenewo ndi madzi opaka mtundu basi. Ukathira zimenezo uwotcha munda wa mlamu wangayu, ndiye udzatiuza bwino."

"Inu achimwene, chilichonse chatsopano kwa inu n'chabodza."

"Ndipo kwa iwe chilichonse chokhala m'botolo n'choona."

Mayi a mapasa anaima pakati pawo mutu utazungulira. Akamvera amuna awo, thumba lonse likhoza kuwonongeka. Akamvera alamu awo, ndiye kuti athira monga mwa masiku onse, n'kukolola monga mwa masiku onse. Anatenga botolo lija, n'kuliika pamwamba pa kabati pomwe ana sangafikire.

"Palibe chosakaniza lero," anatero. "Mawa ndikaitana alangizi."

Alangizi a zaulimi a m'deralo anali mayi wamfupi, woyenda panjinga yamoto yakale imene inkamveka isanaoneke. Atafika anapereka moni kwa onse, n'kukana mpando. Anavala magalasi, natenga botolo lija n'kuwerenga zolembedwa zonse, ngakhale timalemba tating'ono ta kumbuyo. A Phuma ankangopondaponda.

"Ndiye mukuti bwanji, alangizi? Amagwira kapena sagwira?"

"Mankhwalawa ndi ovomerezeka, ndipo tsiku lake silinapitirire," anayankha alangizi. "Koma zoti m'munda mwanu muno akuthandizani, sindikudziwa."

Mayi a mapasa anadabwa. Anali asanamvepo munthu wophunzira akunena pagulu kuti sakudziwa, osachita nazo manyazi.

"Amene akudziwa ndi mundawo," anapitiriza alangizi. "Tiufunse. Koma ndiuzeni kaye, feteleza mumathira bwanji?"

"Timangoika pambali pa phesi, pamwamba, n'kumapita," anatero a Phuma. "Zokumbakumba zimachedwetsa. Ine kushedi kumakhala anthu akundidikira."

Alangizi sanawadzudzule. Anapempha mabotolo awiri okamwa kwakukulu, n'kuikamo dothi lonyowa la m'munda. M'botolo loyamba anawaza yureya wamba pamwamba pa dothilo. Kenaka anavala magolovesi, nasakaniza yureya pang'ono ndi mankhwala aja monga mwa muyezo wolembedwa pabotolo, n'kuwaza m'botolo lachiwiri. Anatseka onse awiri.

"Ikani pamalo ofunda. Ndikadzabweranso tidzanunkhiza."

Atabweranso patapita masiku ochepa, anayamba ndi kupatsa atelala botolo loyamba. Atelala anatsegula, n'kulowetsa mphuno yonse. Anadzidzimuka n'kubwerera m'mbuyo, misozi ili lengelenge.

"Mayo! Khola la mbuzi lenilenitu ili!"

Onse anafa nacho chiseko. Botolo lachiwiri linkamveka kafungo pang'ono chabe.

"Fungo limeneli ndiye feteleza wanu akuthawa," anatero alangizi. "Mu yureya muli chakudya cha mbewu chotchedwa nayitirojeni. Ndicho chimabiriwitsa masamba ndi kukulitsa chisononkho. Yureya akakhala pamtunda, dothi lili lonyowa pang'ono, dzuwa likuswa mtengo, mvula n'kuchedwa, gawo lina la chakudyacho limasanduka mpweya n'kuuluka. Mankhwalawa amachedwetsa zimenezo kwa kanthawi, kuti mvula ipeze chakudyacho chikadalipo n'kuchilowetsa pansi."

"Mwamva, achimwene?" anatero a Phuma akuwomba m'manja. "Beseni lija libwere!"

"Dikirani, bambo," anatero alangizi akumwetulira. "Botolo si munda. Komanso pali njira ina yotsekera feteleza pakhomo, yosafuna mankhwala: kubowola kadzenje pambali pa phesi, kuthiramo, n'kukwirira. Tiyese njira zitatuzi moyandikana, tione. Munda wotsalawo muthire mokwirira, poti njira imeneyo ndi yodziwika kale."

M'mawa mwake anapita kumunda ndi chingwe ndi zikhomo. Atelala, ngakhale ankati angopita kukaonerera zopusa, anabweretsa tinsalu totsala posoka: toyera, tofiira ndi takuda. Anagwirizana kuti kansalu koyera kaimire yureya wamba wothira pamtunda, kofiira kaimire yureya wa mankhwala wothira pamtunda, kakuda kaimire yureya wamba wokwirira.

A Phuma anathamangira kuchulu n'kukhoma chikhomo chofiira pomwe chimanga chinali chonenepa kale.

"Apa ndiye pa mankhwala anga."

"Pamenepo ngakhale mutathira phulusa chimanga chidzabereka," anatero alangizi. "Mukufuna kudziwa zoona kapena mukufuna kupambana achimwene anu?"

A Phuma anakanda m'mutu. "Zonse ziwiri, alangizi."

Alangizi anayeza ndime zitatu zofanana kumtunda, zitatu pamchenga, zitatunso kumunsi, iliyonse ya mizere yowerengeka yofanana kutalika. Pamalo aliwonse ankaika tinsalu titatu, koyera, kofiira ndi kakuda, m'chipewa cha atelala, n'kuuza mayi a mapasa kuti atseke maso azitola. Kansalu kamene katuluka, ndiko kankamangidwa pandime yotsatira. Motero panalibe njira imene inakonderedwa malo.

"Bwanji osangoyesa pamalo amodzi?" anafunsa mayi a mapasa. "Ntchitotu ikuchuluka."

"Munda wanu si umodzi, amayi. Kumtunda ndi kwina, pamchenga ndi pena, kumunsi ndi kwinanso. Komanso chikagwa china pamalo amodzi, ena awiriwo adzatiuzabe."

Anathira tsiku lomwelo, ndi chitsekerero cha botolo chimodzi chomwecho, muyezo wofanana paphando lililonse. Mayi a mapasa ankaona mmene alangizi ankagwirira ntchito: ankawerama nawo limodzi, matope mpaka m'zigongono, ndipo a Phuma akadzazitsa chitsekerero, ankawabweza mofatsa kuti asalaze ndi chala. Pomaliza anasambitsa beseni kutali ndi chitsime, nauza onse kuti asambe m'manja ndi sopo asanagwire chakudya.

"Kuyambira lero," anatero alangizi pokwera njinga yawo, "chimene mwachita pandime imodzi muchite pa zonse. Kupalira limodzi, kubandira limodzi. Osawonjezera kanthu, ngakhale mtima ukupweteka."

Kenaka mvula inadula. Kumwamba kunangoti mbee, dzuwa n'kumaphulika kuyambira m'mawa. Sabata inatha, ina n'kuyamba. Mayi a mapasa ankapita kumunda n'kumayang'ana timibulu toyera tija tikusungunuka pamtunda, tikusiya kachizindikiro ngati mchere. Itabweranso mvula, inagwa yabwino yolowa pansi, ndipo chimanga chinadzuka.

Apa ndi pomwe munda unayamba kuyankhula. Ndime za tinsalu takuda zinabiriwira mpaka kuderako. Zofiira zinkatsatira pafupi. Koma zoyera zinayamba matenda aja a chaka ndi chaka: chikasu m'masamba a m'munsi, mapesi owonda. Munthu wodutsa panjira ankatha kuloza malire ake ndi chala.

Tsiku lina mbuzi za mnansi zinathyola mpanda kumunsi n'kudya ndime yofiira pafupifupi theka. A Phuma anafika kunyumba akupuma mwa befu, akuti zonse zawonongeka.

"Sizinawonongeke," anatero mayi a mapasa, akukumbukira mawu a alangizi. "Kumtunda ndi pamchenga kukadali."

Koma chimene chinkawasowetsa mtendere iwowo si mbuzi ayi. Zinali ndime zoyera zija. Mbewu anabzala okha ndi manja awo, tsopano ankaziona zikufooka pamaso pawo, chonsecho pansi pa thumba panali patatsala feteleza pang'ono. Kwa iwo zinali ngati kudyetsa mwana mmodzi, mnzake akuyang'ana.

M'mawa wina, mame asanaume, anatapa fetelezayo m'kapu n'kulowera kumunda. Anawerama pandime yoyera ya kumtunda, n'kuyamba kubowola kadzenje ndi kamtengo.

"Mayi a mapasa!"

Anatembenuka. Amuna awo anali ataima pamzere, khasu lili paphewa.

"Ndingothira pang'ono, bambo. Taonani mmene chikuvutikira."

A Phuma anayandikira, n'kukhala chonjuta pambali pawo. Anagwira tsamba lachikasu lija n'kulisisita ndi chala.

"Nanenso chikundimvetsa chisoni," anatero motsitsa mawu. "Dzulo ndinaima pompano, ndinatsala pang'ono kuchita zomwezi. Koma mukathira, pokolola tidzadziwa chiyani? Tidzabwerera pomwe tinali, ine kunena zanga, achimwene kunena zawo. Mizere yowerengekayi ivutike chaka chino, kuti munda wonse usadzavutikenso."

Mayi a mapasa anawayang'anitsitsa amuna awo. Munthu amene sankatha kudikira kuti madzi awire, lero ndi amene ankawaphunzitsa kudikira mpaka kukolola.

"Kodi ndinu a Phuma omwe aja, kapena andisinthira munthu panjira?"

"Musauze anthu," anatero a Phuma. "Dzina lingandithawe."

Anaseka onse awiri, ndipo feteleza uja anabwerera m'thumba.

Chimanga chinatulutsa ngaiyaye, chinabereka, chinauma. Pokolola alangizi anabweranso. Anawauza kuti pandime iliyonse akolole mizere yapakati yokha, chifukwa ya m'mphepete imaba chakudya cha ndime yoyandikana nayo. Zokolola za ndime iliyonse anaziika m'thumba lakelake, n'kumangapo kansalu kake. Ndime yodyedwa ndi mbuzi ija anaipatula.

"Imeneyi sitiiwerengera," anatero alangizi. "Ingatinamize."

Ataumitsa ndi kutonola, anayala mkeka pabwalo n'kuyamba kuyeza ndi ndowa imodzi yomweyo. Anansi anasonkhana, poti nkhani ya tinsalu inali itamveka ponseponse. Atelala anatseka makina awo n'kudzipatsa udindo wosalaza ndowa, kuti mng'ono wawo asabere.

Za kumtunda zinatuluka motere: ndime yoyera inadzaza ndowa ziwiri n'katheka kochepa, yofiira inatsala pang'ono kukwana zitatu, yakuda inadzaza zitatu. Pamchenga zonse zinachepa, koma zinatsatana chimodzimodzi: yoyera kumbuyo, yofiira ndi yakuda moyandikana kutsogolo. Kumunsi nakonso yakuda inaposa yoyera moonekeratu.

Atelala anakonza kukhosi.

"Chabwino. Si madzi opaka mtundu. Ndavomera."

"Nanenso ndivomere," anatero a Phuma. "Kamtengo kobowolera dzenje kafanana mphamvu ndi botolo langa. Zaka zonsezi feteleza ndinkamuthawitsa ndine ndi changu changachi."

"Nonse munali ndi mbali yoona," anatero alangizi. "Mankhwala agwira ntchito yake, makamaka chifukwa mvula inadula mutangothira. Ikanagwa tsiku lomwelo, mwina kusiyana kukanachepa. N'chifukwa chake chaka chimodzi sichokwanira, mudzayesenso. Pamchenga paja pakufunika manyowa, komanso kuthira fetelezayo kawiri pang'onopang'ono, chifukwa mvula yambiri imamutsitsa pansi pomwe mizu sifika. Vuto limenelo ndi lina, mankhwala awa sangalithetse."

Mayi wina wa pafupi, amene amalima munda waukulu ali yekha, anafunsa kuti, "Nanga ine, wopanda wondithandiza kukwirira, nditani?"

"Kwa inu mankhwalawa akhoza kukhala othandiza," anayankha alangizi. "Koma musatengere za munda uno. Dothi lanu ndi lina. Yesani kaye pamizere yochepa. Mukafuna ndibwera ndi chingwe changa."

Munda wotsala uja, umene anathira mokwirira, unabereka zisononkho zodzaza mpaka kunsonga. Matumba anadzaza kuchipinda mpaka ena kuwaika pabalaza, moti mapasa ankachita kuwakwera popita kukagona. Mwini chigayo atatumiza uthenga wofunsa za munda, a Phuma anapita okha kukamuyankha kuti chaka chino adzaonana naye pogayitsa basi. Za kutauni sanazitchulenso. Banjalo linagwirizana kuti lizikwirira feteleza nthawi zonse, ndipo mankhwala lizigwiritsa ntchito pokhapokha ntchito ikapanikiza moti kukwirira munda wonse n'kosatheka.

Dzinja lotsatira lisanafike, alangizi anaitana alimi a m'deralo kuti akambirane za feteleza. Ataimirira, sanayankhule zambiri. Anangoti, "Amene anagwira ntchitoyi ali pompano," n'kukhala pansi, kusiyira bwalo mayi a mapasa.

Mayi a mapasa anali asanayankhulepo pagulu. Koma atayamba mawu anabwera okha. Anafotokoza za ndime zija, za mvula imene inadula, za mbuzi, ngakhale za tsiku limene anatsala pang'ono kuwononga zonse chifukwa cha chisoni. Anthu anaseka, ena n'kumagwedeza mitu.

"Tsono abale anga," anamaliza motero, "chatsopano chikabwera, musachikane musanachione, ndiponso musachithire munda wonse chifukwa choti wina wachitama. Funsani alangizi, werengani zolembedwa pabotolo, ndipo yesani pamalo ochepa moyandikana ndi njira yanu yakale. Yesani pamalo angapo, samalirani ndime zonse mofanana, dikirani mpaka kukolola, muyeze. Ndipo feteleza wa yureya musamusiye pamtunda: mukwirireni kuti adyedwe ndi chimanga chanu, osati ndi mphepo."

Msonkhano utatha, alimi anapanga mzere kwa alangizi, aliyense akufuna kuti njinga yamoto ija idzayambire kumunda kwake.